Chiboda cha Kumbuyo

Tsiku limene Kazembe anapalamula mlandu kunali mphepo ya mwera, yozizira ndi yafumbi, ija imang'amba milomo ndi kugwetsa zovala pachingwe. Dzuwa linangosuzumira pang'ono n'kubwerera. A Yotamu Nthambala anafika ku Paki ya Chipambano m'mamawa monga mwa masiku onse, m'thumba la jekete muli ndimu, phulusa lokulunga m'pepala ndi kansanza.

Pakiyo ili pakati pa mzinda wa Tavomera, likulu la Ufumu wa Gwadani. Pakati pa pakiyo pali chiboliboli chamkuwa cha Kazembe Chigwetsa, mkulu wa asilikali amene anagonjetsa a ku Tiyeseni pa Nkhondo ya ku Dambo. Kazembeyo wakwera kavalo, chipewa cha nthenga kumutu, lupanga laloza kumsewu. Mu Gwadani monse palibe anaonapo kavalo wamoyo. Ana ankati ndi bulu wa boma, n'chifukwa chake ananenepa. Akuluakulu amene anaiona nkhondoyo ankanong'ona kuti Kazembe anapita ku Dambo atamunyamula pamachila, ndipo kuti adaniwo anabwerera kwawo chifukwa mvula inayamba, anthu akufuna kukadzala. Koma Nduna ya Mbiri Yovomerezeka inafufuza bwino nkhaniyi, n'kupeza kuti machila sanakhaleko.

Chibolibolicho chinabiriwira ndi zaka, ndipo nkhunda zinkachilemekeza mwanjira yawo. Malo amodzi okha ndiwo ankawala ngati atsopano: chiboda cha mwendo wakumbuyo, wakumanzere. Imeneyo inali ntchito ya a Nthambala. Palibe anawalemba, palibenso anawaletsa. Anali telala wopuma, wosakonda kulankhula, ndipo anthu a mumzinda anazolowera kuwaona atanjuta kumbuyo kwa kavalo monga mmene anazolowera nkhundazo.

Nkhani yake inali yotere. Chaka chimene Mfumu yakale inalamula kuti chibolibolicho chipangidwe, kunalengezedwa kuti mzika iliyonse ipereke mkuwa mwa kufuna kwake. Asilikali ankayenda khomo ndi khomo atanyamula matumba ndi sopo, chifukwa zinadziwika kuti mphatso zina zochokera pansi pa mtima zimavuta kuvula. Nangozo, mkazi wa a Nthambala, anali ndi makoza amkuwa pamkono, amene anamusiyira mayi ake. Anamupaka sopo, makoza anatuluka, msilikali anati zikomo.

Tsiku lotsegulira chibolibolicho, Nangozo anachizungulira, dzanja lili pamkono wopanda kanthu uja. Anaima kumbuyo kwa kavalo.

"Athu ali apa, bambo," iye anatero.

"Wadziwa bwanji?"

"Za amphawi siziikidwa pachifuwa. Zimapita kuchiboda, chakumbuyo, kumene kumagwera ndowe." Anaseka, kenako anati, "Ndikadzatsogola muzidzandipukuta. Ndimu ndi phulusa. Osati sopo, sopo ndinadana naye."

Anatsogoladi. Anakamuika kwawo ku Mwalawanjiwa. Pasanapite nthawi, Mfumu yatsopano, Sindilakwa Wachinayi, inalandira boti ngati mphatso kuchokera kunja, ndipo popeza panalibe poliyendetsa, inatseka mtsinje n'kupanga Dziwe la Chitukuko. Mudzi wa Mwalawanjiwa unamira pamodzi ndi manda ake. Boma linalengeza kuti mizimu yasangalala, chifukwa palibe mzimu unabwera kudzadandaula. Kuyambira pamenepo a Nthambala analibe poika maluwa, analibe posesa. Anali ndi chiboda basi.

Sabata ya mwera ija, malume ake a Mfumu, a Mwadyanji, anamwalira atachoka kuphwando. Ku Gwadani, monga kwina konse kwa anthu, pakagwa maliro amayala masamba aawisi pamsewu. Wapanjinga akafika pamasamba amatsika n'kukankha, wachipewa amavula, waphokoso amatseka pakamwa. Palibe analamula zimenezi, anthu anabadwa nazo. Koma Nduna ya Ulemu ndi Maondo, Olemekezeka a Nyambitani, inaona kuti ulemu wopanda chidindo si ulemu. Inatulutsa Lamulo la Masamba. Wodutsa pamasamba atakwera chilichonse, kapena chipewa chili kumutu, ndende. Wogwira ntchito pamalo a masamba, ndende. Wochotsa masamba asali namfedwa, ndende. Kenako inalamula kuti masamba ayalidwe mumsewu uliwonse wa mu Tavomera.

Chimene a Nyambitani anaiwala n'chakuti nawonso amakwera. Tsiku la maliro, nduna zonse zinayenda pansi kuchokera kunyumba ya Mfumu, madalaivala akukankha magalimoto awo pambali. A Nyambitani anali atavala nsapato zatsopano zogulira malirowo, zopangidwira kukhala pansi pa tebulo. Pofika pa Paki ya Chipambano anali akutsimphina, mtima uli m'mwamba, akufuna wina womukalipira.

A Nthambala, atamva nyimbo, anaimirira n'kuvula chipewa. Khamu lonse linali chimodzimodzi, mitu yopanda kanthu, njinga m'manja. Bokosi linadutsa pansi penipeni pa lupanga la Kazembe.

A Nyambitani anaima. "Uyo ndani wosatsika?"

Wapolisi amene anali pafupi anayang'ana uku ndi uku. "Uti, bwana?"

"Uyo. Wachipewa."

"Ndi Kazembe, bwana."

"Sanaone masamba?"

"Akuyang'ana kumtunda, bwana."

"Ndipo akuloza bokosi la malume a Mfumu ndi mpeni. Lemba."

Bwalo lalikulu la ufumuwo limatchedwa Bwalo la Zoonadi, chifukwa Mfumu ikalankhula onse amayankha kuti zoonadi. Nthawi ina Mfumu inayetsemula ndipo yankho linali lomwelo. Bwaloli linatumiza samani kwa Kazembe. Mesenjala anakaima pansi pa kavalo, anawerenga mokweza, anadikira, anabwerera. Anapitanso, anabwereranso. Mlandu unakula: tsopano panali kusatsika, kusavula, kuloza, ndi kunyoza bwalo. Panafunika mboni, ndipo aliyense ankadziwa munthu amene amakhala ndi Kazembe tsiku ndi tsiku.

A Nthambala anawagwadika pakati pa bwalo. Mfumu inali pampando wake, maso ofiira, ikuseweretsa litchowa. A Nyambitani, atavala zilipasi tsopano, ndiwo ankafunsa.

"Madala, mumamudziwa woimbidwa mlanduyu?"

"Timaonana."

"Tsiku la maliro anatsika pakavalo?"

"Sanatsike."

"Munamuonapo atatsika, tsiku lina lililonse?"

"Ayi."

"Ngakhale pamaliro a Mfumu yakale?"

"Ngakhale."

Bwalo linang'ung'udza. Nduna ya Mbiri Yovomerezeka, a Fufutani, inaimirira n'kunena kuti yakhala ikukayikira kwa nthawi yaitali, ndipo kafukufuku watsopano akusonyeza kuti mwina munthuyu anapita kunkhondo pamachila.

"Amanena zotani mukakhala awiri?" anafunsa a Nyambitani.

"Sanena kanthu."

"Zaka zonsezi?"

"N'chifukwa timamvana."

"Mwamva, Mfumu. Munthu wosalankhula amakhala akuganiza. Akuganiza chiyani? Wakhala pamwamba, akuona nyumba yanu, ali ndi lupanga, ali ndi chokwera. Ine ndilibe mawu ena."

Nduna ina inafunsa ngati sangangomuvula chipewa basi. Inauzidwa kuti chipewacho n'chowotcherera kumutu, ndipo ichi chinalembedwa ngati umboni wakuti anakonzekera kale. Anakambirana mpaka nthawi ya chakudya, anapuma, anabweranso atakhuta. Pomaliza Mfumu inadzutsa litchowa.

"Apite kung'anjo. Iye ndi chinyama chakecho. Mkuwawo aumbire malume anga, atakhala pampando, mwaulemu."

"Zoonadi."

A Nthambala sanadzuke. Wapolisi anawakoka jekete, koma anakhalabe chogwada.

"Kavalo walakwanji?" anafunsa.

Mboni siifunsa. A Nyambitani anawayang'ana ngati akuyang'ana mbuzi yolowa m'tchalitchi.

"Wamusunga pamsana. Wosunga chigawenga ndi chigawenga. Lolemba lole ikubwera. Tulukani."

Anatuluka. Miyendo inawatengera kumsika wa Bweranimawa, chifukwa ndimu anali atatha. Malume anali ataikidwa kale, masamba atachotsedwa m'misewu, ndipo nkhani ya chigamulo inali itafika kale pamsika, monga mmene imachitira, isanatuluke n'komwe m'bwalo. Mayi Nachisale, amene ankawagulitsa mandimu kuyambira kale, anawaona akubwera n'kuwakankhira kampando.

"Khalani, alamu. Tamva mwagwetsa Kazembe. A ku Tiyeseni analephera, inu mwatha ndi mawu awiri."

Jailosi wakabaza anali atatsamira njinga yake pafupi, akudya chimanga chootcha. "Ine ndikuti amumange," anatero. "Sabata yonse ndakhala ndikukankha njinga, kasitomala akuyenda pambali panga. Tikafika akuti zikomo pondiperekeza. Iye uja ali phee pamwamba. Akanakhala munthu akanatsikako pang'ono."

"Iwe ukanakhala wamkuwa ukanatsika?"

"Mayi, ku Gwadani kuno ngakhale mwala umagwada ukauzidwa bwino."

"Ndiye akuti aumba malume atakhala pansi," anatero wogulitsa usipa wa pafupi. "Ndi mbale kapena opanda mbale?"

"Opanda mbale anthu sangawazindikire."

Anaseka, koma mwapansipansi, maso ali kunjira. A Nthambala sanaseke. Anasankha ndimu mmodzi, anamuzunguza m'manja, anamubwezera pamulu. Mayi Nachisale anasiya kuseka. Iwo ankamudziwa Nangozo, ankaimba naye kumvano.

"Alamu, Nangozo uja apita naye?"

"Akuti Lolemba."

"Mpaka alowe m'mimba mwa a Mwadyanji." Anapukusa mutu. "Mphika wa mayi anga ulinso momwemo. Ndimangoti uli kumchira. Sindipitako, ndimaopa kulira pagulu."

"Belu la sukulu yathu lilimonso," anatero Jailosi. "Tinkalowa m'kalasi ndi likhweru la aphunzitsi." Anataya chitsononkho. "Musavutike, madala. Lembani kalata."

"Kwa ndani?"

Jailosi anatembenukira ku njinga yake. A Nthambala anatolanso ndimu uja, anamuika m'thumba, anapita.

Lolemba kunacha ndi mwera womwewo. A Nthambala anadzuka, anatenga chikwanje ndi mphasa. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mtengo wa mango umene anadzala Nangozo. Anadula nthambi zingapo, anazimanga mtolo, anasenza. Pa chipata cha paki anaziyala mopingasa njira, kuchokera ku chipilala china mpaka ku chinzake, monga amachitira. Kenako anayala mphasa pafupi ndi chiboda, anavula chipewa, anakhala pansi. Sanali ndi nzeru ina iliyonse kuposa pamenepo. Anangoona kuti munthu akamachoka, amayenera masamba.

Woyamba kufika anali Jailosi, akupalasa mwaliwiro ndi thumba la makala kumbuyo. Miyendo yake inatsika yokha mutu usanaganize. Anakankha njinga, anasuzumira m'paki, anaona mkulu uja pamphasa. Anaima kanthawi. Kenako anatsamiritsa njinga, anavula kapu, anakakhala pansi chapatali pang'ono, kumbali ya amuna.

"Pepani, madala."

"Zikomo."

Ku Gwadani munthu sadutsa maliro ngati sakuwaona. Amene ankapita kuntchito anapatuka kudzapepesa pang'ono. Amene anapatuka anafunsa kuti ndi a ndani, ndipo atauzidwa, ambiri sanadzukenso. Mayi Nachisale anafika atamanga chitenje m'chiuno ndi mpango kumutu, amayi a pamsika ali pambuyo pawo. Anakhala kumbali ya kumchira. Kunapezeka kuti mu Tavomera mulibe banja lopanda wake mukavaloyo. Wina ndolo za agogo, wina nyale, wina chigwinjiri cha mwana amene anamwalira ali wamng'ono. Ena anali a ku Mwalawanjiwa ndi midzi ina yomira, amene akufa awo ali pansi pa boti la Mfumu. Mayi wina anayambitsa nyimbo, anzake anapolokoza, ndipo kulira kumene kunabuka sikunali kolamulidwa ndi likhweru ngati kwa pamaliro a malume a Mfumu.

A Nthambala sanalire pamaliro enieni a Nangozo. Anthu ananena zambiri nthawi imeneyo. Lero, mayi Nachisale atakweza mawu pamalo pamene Nangozo ankakwezera, anaika dzanja pachiboda, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. Jailosi anayang'ana kwina.

Lole inafika dzuwa litakwera, ili ndi chikoka chachikulu chonyamulira zolemera kumbuyo ndi amuna a maunyolo. Dalaivala anaona masamba, anaponda mabuleki, anazimitsa injini. Anatsika, anavula chipewa. Amuna a maunyolo anadumpha pansi. Galimoto ya a Nyambitani inali pambuyo, ndipo inatsala pang'ono kugunda lole. Nduna inatulutsa mutu pawindo, inaona masamba, inakumbukira lamulo, inatsika. Inalowa m'paki ndi zilipasi zake, chipewa m'manja, nkhope ngati yoluma tsabola.

"Maliro a ndani ano?"

"A mkazi wanga," anatero a Nthambala.

"Wamwalira liti?"

"Kale."

"Ndiye simunamuike?"

"Tinamuika. Munamumiza."

"Thupi lili kuti?"

A Nthambala analoza chiboda.

A Nyambitani anatembenukira kwa wapolisi, yemwe uja wa tsiku la maliro. "Chotsa masamba awo."

"Sindine namfedwa, bwana."

"Ndakulamula ine."

"Lamulo ndi lanu lomwe, bwana. Ndime yachitatu. Ndikachotsa ndidzimanga ndekha."

"Dalaivala, lowetsa lole."

"Ndikwere, bwana?"

"Kankhani ndiye."

Amuna a maunyolo anayang'anana. Mmodzi, wamkulu mwa iwo, anati kukankha akhoza, koma kumanga unyolo ndi ntchito, ndipo ntchito pamalo a masamba ndi ndende. Anawonjezera mwaulemu kuti mtondo wamkuwa wa apongozi ake ulinso momwemo. Anapita kukakhala kumbali ya amuna. Anzake anamutsatira. Mayi wina wachikulire anakoka buluku la Nduna.

"Bwana, mwatiimira pamutu. Pamaliro timakhala pansi."

Nduna ya Ulemu ndi Maondo inayang'ana pozungulira. Aliyense anali pansi. Oima anali awiri okha, iyo ndi kavalo. Inapinda maondo pang'onopang'ono, inakhala paudzu wonyowa ndi mame.

Mwera unanyamula nyimbo n'kukaitula kunyumba ya Mfumu. Sindilakwa Wachinayi anali asanamvepo kulira kotere mu ufumu wake. Pamaliro a malume ake anthu anabwera ndi mabasi a boma, ankalira likhweru likalira, n'kusiya likaliranso. Uku kunalibe likhweru. Anaitanitsa galimoto, anafika pamasamba, anatsika, chifukwa anthu ankaona. A Nyambitani anakwawa ndi maondo kukawachingamira.

"Nyambitani, anthu awa akulira chiyani?"

Nduna inaona msampha. Kunena zoona kunali kuvomera kuti lamulo lake laimitsa chigamulo cha Mfumu, pamaso pa mzinda wonse. Inaganiza za ndende imene inakulitsa yokha sabata yatha.

"Akulira malume anu, Mfumu."

"Mpaka lero?"

"Akana kutonthola. Tawauza kuti tinaika kale, akuti mtima sunaike."

"Popanda mabasi?"

"Ndi miyendo yawo, Mfumu."

Mfumu inagwira pachifuwa. Inayenda pakati pa anthu, inafika pamphasa. Inamuzindikira mboni uja.

"Iwe mkulu, ndi iwe wayala masamba?"

"Ndine."

"Ukulira malume anga chotere?"

"Ndikulira mkazi wanga."

Nyimbo inadukira pakati. Mayi Nachisale anatseka maso. Jailosi anayang'ana kumene kunali njinga yake.

"Chisoni chamusokoneza mutu, Mfumu," anatero a Nyambitani mwachangu. "Kuyambira m'mawa akungotchula akufa osiyanasiyana. Onsewa ali choncho. Wina akuti mphika, wina akuti belu."

"Mkazi wanga," anabwereza a Nthambala. "Nangozo."

Mfumu inagwedeza mutu mwachifundo, misozi ili m'maso. "Chisoni chenicheni chimatero. Ngakhale ine dzulo ndinaitana galu ndi dzina la malume." Inatembenukira ku khamu, inadzutsa litchowa. "Anthu anga, ndaona chikondi chanu. Mwasankha malo ano kulirirapo malume anga, ndipo ine sindingakuchotsereni mthunzi. Masamba awa ali aawisi, palibe adzakhudze chinyamachi. Akadzauma, maliro atha, chipite kung'anjo."

"Zoonadi," zinatero nduna zimene zinafika mochedwa, zili wefuwefu.

"Nanga Kazembe, Mfumu?" anafunsa a Fufutani, amene anali atalemba kale theka la mbiri yatsopano. "Akadali pamwamba. Ndi chipewa."

Mfumu inakweza maso, inamuyang'ana kwa nthawi. Nkhunda inali itatera palupanga.

"Anakana kutsika. Chabwino. Asadzatsikenso. Akhale pomwepo moyo wake wonse, dzuwa ndi mvula, osadya, osagona, aone mmene anthu okhulupirika amalirira. Muike wapolisi, akayesa kutsika amangidwe."

"Zoonadi."

"Chilango chowawa," ananong'ona Jailosi. "Sadzazolowera."

Mfumu inabwerera. Lole anaikankha chammbuyo mpaka pamsewu. Anthu anaimba nyimbo yomaliza, anapepesa, anayamba kubalalika, chifukwa misika siidikira. Mayi Nachisale anadutsa kumchira, anaugwira pang'ono, anasiya mandimu awiri pamphasa.

A Nyambitani anatsala. Anakutumula udzu kubuluku, anawerama pafupi ndi khutu la a Nthambala.

"Masamba amauma, madala."

"Eya."

"Ndipo mwera uno suchedwetsa."

"Eya."

"Wapolisi uyu sadzayang'ana Kazembe yekha. Masana alionse azitsina tsamba. Likadzangothetheka, lole ili pa chipata. Inu ndinu wokalamba. Boma silikalamba."

A Nthambala anadula ndimu ndi kampeni, anaviika m'phulusa, anayamba kupukuta chiboda. Nduna inapita ikukoka zilipasi.

Madzulo asanafike, masamba a pa chipata anali atayamba kale kupinda m'mphepete. Wapolisi anatola limodzi, analitsina, analiyang'ana, anayang'ana mkulu uja.

"Lero lapona, bambo. Mawa kaya."

A Nthambala anakulunga mphasa, anavala chipewa atadutsa chipata, anapita kwawo. Anayang'ana mtengo wa mango uja, anaona kuti sungathe chaka uli wokha, ndipo anakumba maenje m'mbali mwa mpanda n'kukwiriramo mbewu za mango zimene zinali padzala.

M'mawa mwake ananola chikwanje, anadula nthambi zina, anasenza kupita ku paki.